Bowo la Laputopu Yathu Silimatidwa

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPADERA WA KOMITI YA CHIPINDA CHOWERENGERA CHA ANTHU OSAONA

Tsiku: Loweruka, pa 14 Marichi
Malo: M'chipinda chathu chowerengera, kuseri kwa sitolo ya utoto

Opezeka:
Aphunzitsi, Wapampando
Akalaliki, Wachiwiri kwa Wapampando
Anamwino, membala
Ajambuli, membala
Amake Mapasa, membala
Mlembi, yemwe ndi yekhayo woona m'komitiyi

Mlendo: Katswiri wa makompyuta wochokera ku likulu la bungwe lathu

Opepesa: Msungichuma, dzino lawavuta
Osapezeka, osapepesanso: Adalaivala, monga mwa masiku onse

1. KUTSEGULIRA MSONKHANO

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 9 koloko m'mawa, ndipo Amake Mapasa anapemphera. Pempherolo linali lalifupi kusiyana ndi masiku onse, chizindikiro choti anthu anabwera ndi zonena.

Wapampando anati msonkhanowu waitanidwa pa nkhani imodzi yokha. Chipinda chino chili ndi laputopu imodzi, yakale, imene imawerenga mokweza chilichonse chimene munthu wosaona akutayipa kapena kutsegula. M'bowo la m'mbali mwake mumakhala memore khadi, limene limaithandiza kuti isamachedwe. Likulu lalamula kuti khadilo lichotsedwe ndipo mabowo onse amatidwe ndi guluu lero lomwe, ndipo latumiza Katswiri kudzagwira ntchitoyo.

Wapampando anakumbutsanso mamembala kuti Lachisanu likudzali Anamwino ali ndi mayeso otayipa, ndipo adzawalemba pa laputopu yomweyi chifukwa ina yolankhula palibe. Akakhoza, abwerera ku kiliniki kumene ankagwira ntchito asanasiye kuona, ulendo uno pa desiki yolandira mafoni ndi kulemba mayina a odwala. Akalephera, desikiyo ipita kwa wina. A ku kiliniki ananeneratu kuti mayesowo sabwerezedwa.

2. ZA MLEMBI

Nkhani isanapite patali, Akalaliki anaimirira n'kunena kuti malamulo a komiti salola munthu kulemba nkhani imene ikumukhudza. Anati mlembi ndi mng'ono wa Anamwino, bere limodzi, komanso ndi mkazi wa Katswiri, ndiye apa zavuta mbali zonse ziwiri. Anapempha kuti mlembi atuluke.

Ajambuli anavomereza msangamsanga. Anapempha kuti cholembera chiperekedwe kwa Akalaliki eni ake, ndipo akamaliza kulemba awerengere komiti yonse zimene alembazo. Akalaliki anakhala pansi.

Wapampando anagamula kuti mlembi atsale, koma alembe zoona zokhazokha. Mlembi akufuna zidziwike kuti kunyumba Katswiri ndi bambo a ana ake, koma muno ndi mlendo, ndipo analandiridwa ngati mlendo aliyense wa ku likulu. Anapatsidwa mpando wogwedera uja.

3. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITAWO

Zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa. Akalaliki anadandaula kuti mawu awo anafupikitsidwa kwambiri. Dandaulolo lalembedwa pano, mofupikitsa.

4. MOMWE KHADI LINALOWERA M'LAPUTOPU

Wapampando anapempha Anamwino kuti afotokoze chiyambi cha nkhaniyi.

Anamwino anati laputopu itakalamba inayamba kuchedwa moti munthu ukadina batani unkatha kukasamba m'manja n'kubwerako mawu asanatuluke. Anati amene anawaphunzitsa nzeru ya khadi si wina ayi, ndi alamu awo omwewa akhala apawa ndi guluu m'chikwama. Chaka chatha atabwera kudzaona za batire, analowetsa khadi m'bowo muja, n'kuiuza laputopu kuti iziligwiritsa ntchito pofulumizitsa zinthu. Kuyambira tsiku limenelo mawu anayamba kuyendera limodzi ndi zala.

Katswiri sanakane. Anangopempha kuti zilembedwe kuti iye anaphunzitsa za khadi limodzi, osati za chigulu cha makhadi.

Pamenepa Wapampando anafotokoza, mawu atatsika pang'ono, kuti khadi loyambalo linali la ku ntchito kwa Katswiri, choncho anadzalitenganso. Pochoka anachenjeza kuti khadi logwira ntchito imeneyi limalembedwa ndi kufufutidwa kosalekeza, ndiye limatopa, ndipo tsiku lina limafa. Komiti itamva zimenezi inaona kuti si bwino kuti khadi la munthu mmodzi life lokha pa ntchito ya tonse. Inamanga mfundo ya kasinthasintha: sabata iliyonse membala mmodzi azichotsa khadi m'foni mwake n'kulibwereketsa laputopu, monga momwe abale amalandizanirana podikirira wodwala kuchipatala. Tsiku limenelo tinaombera m'manja n'kuyamikirana kuti ndife anthu achilungamo.

Ajambuli anafunsa kuti kodi nzeru yokongolayo anabweretsa ndani. Akalaliki anati sakukumbukira. Mlembi akukumbukira, Ajambuli akukumbukira, ndipo Akalaliki anatsokomola.

Amake Mapasa anati popeza nkhani ya kasinthasintha yatsegulidwa, iwo ali ndi chowawa chimene sichinapole. Itafika sabata yawo, laputopu inaliyesa khadi lawo n'kulengeza mokweza, anthu onse akumva, kuti n'lochedwa ndipo silingathandize. Anati khadi limenelo anachita kuwagulira ndi mwana wawo, ndipo makina alibe ufulu wonyoza mphatso ya mwana wa munthu. Wapampando anati nkhani imeneyo inatha kalekale. Amake Mapasa anati inatha kwa iwo amene makhadi awo analandiridwa.

5. MAWU A KATSWIRI

Katswiri anayamba ndi kuthokoza "a Wapampando, a mlembi, ndi inu nonse." Mlembi walemba ulemuwo chifukwa sumveka kawirikawiri.

Anafotokoza kuti laputopu yathu ili ndi ramu yochepa, kutanthauza kuti malo ake ogwirirapo ntchito ya nthawi yomweyo ndi aang'ono. Hadi disiki yake nayonso ndi ya mtundu wakale, yozungulira, imene imatenga nthawi kuti ipeze kanthu kakang'ono kalikonse. Anati khadi silisanduka ramu ayi, ndipo aliyense wonena choncho ndi wabodza. Chimene laputopu imachita n'kukopera pa khadipo tizinthu ting'onoting'ono timene imatifuna pafupipafupi, kuti isamabwererebwerere ku disiki. Anayerekeza ndi telala amene amaika sizasi ndi singano pa tebulo m'malo mozitsekera m'kabati. Ukachotsa khadi palibe chotayika, kungoti telala uja ayambanso kudzukadzuka. Anawonjezera kuti pa makompyuta atsopano nzeru imeneyi ilibe phindu, imathandiza okalamba ngati yathuyi basi.

Kenako anafika pa chimene wabwerera. Anati makhadi a m'mafoni amayenda kwambiri. Lero ali kwa okopera nyimbo pamsika, mawa ali m'foni ya mdzukulu, mkuja ali m'laputopu yathu. Limodzi mwa iwo linabwera ndi vayirasi. Vayirasiyo inalowa m'laputopu, inakwera fulashi imene timatumizira malipoti, n'kukatsikira pa kompyuta ya mkulu wa bungwe, kumene inabisa mafayilo onse m'mawa wa tsiku lokumana ndi alendo ofunika. Anati mkuluyo analusa zoti sizioneka kawirikawiri.

Ajambuli anafunsa kuti khadi lobweretsa matendalo ndi la ndani. Katswiri anati sizingadziwikenso, chifukwa pofika pano onse adwala. Wapampando analetsa kulozana zala. Amake Mapasa anapempha kuti zilembedwe, ndi zilembo zooneka, kuti khadi lawo silinagonemo n'komwe m'laputopu muja.

Komiti inavomereza kuti kasinthasintha uja anali kulakwitsa kwathu, ndipo Wapampando anapempha Katswiri kuti akatipepesere kwa mkulu wa bungwe. Chilungamo chathu ndi chimene chinadwalitsa makina, ndipo palibe anatsutsa.

Katswiri analandira kupepesako, koma anati lamulo silisintha. Ndi la nthambi zonse, ndipo palibe yopatulidwa. Mankhwala enieni a laputopu yathu ndi ramu yowonjezera kapena disiki yatsopano, ndipo likulu lalonjeza kuti malaputopu atsopano akubwera. Atafunsidwa kuti akubwera liti, anati akubwera. Ananenanso, ndipo apa sanayang'ane mlembi, kuti komiti ikakana, iye walamulidwa kunyamula laputopuyo kupita nayo ku likulu, ndipo likulu lili ndi mphamvu yothetsa komiti ndi kukhoma chipinda.

6. KUYESA LAPUTOPU

Anamwino anapempha kuti anthu asanakambirane, amve okha chimene akukambiranacho. Wapampando analola.

Khadi la sabata ino, lomwe ndi la Wapampando, lili momwemo, Anamwino anatsegula phunziro lawo n'kutayipa chiganizo. Mawu ankatchula chilembo chilichonse chala chisanachoke pa batani. Atalakwitsa chilembo chimodzi anamva nthawi yomweyo, anabwerera, n'kukonza.

Kenako Katswiri anachotsa khadi, ndipo Anamwino anatsegula phunziro lina. M'chipinda munangoti zii. Tinkamva disiki ikukwerekweta m'kati, tinkamva anyamata a sitolo ya utoto akugubuduza migolo kuseri kwa khoma, koma mawu ayi. Anamwino anatayipa, anadikira, anatayipanso. Patapita nthawi mawu aja anatuluka onse pamodzi, mothamanga, ena atadumphidwa, moti palibe anadziwa kuti cholakwika chili pati.

Ali m'kati modikira, Katswiri anayang'ana pa sikirini n'kunena kuti, "Dekhani pang'ono, alamu, ikubwera. Kachizindikiro kakuzungulira apa."

Anamwino anayankha, ndipo anapempha kuti mawu awo alembedwe momwe anawanenera: "Inu mukuona kuti kakuzungulira, alamu. Ine ndikumva chiyani? Ikakhala chete chonchi sindidziwa ngati yafa, ngati ndadina polakwika, ngati ndafufuta zonse. Kwa inu kuchedwa n'kuchedwa basi. Kwa ine ikakhala chete ndiye kuti ndasochera."

Katswiri anabwezera khadi m'bowo popanda womutuma.

7. ZOKAMBIRANA

Akalaliki anayamba, ndipo mlembi avomereza kuti analankhula zanzeru, ngakhale motalika. Anati chipinda n'cha likulu, mabuku a mawu amene timamvera ndi a likulu, laputopu yomweyo njalikulu. Anati amamvera chisoni Anamwino ngati mlongo wawo, koma si nzeru kutaya chipinda cha anthu onse chifukwa cha mayeso a munthu mmodzi. Anakumbutsa za ophunzira atsopano amene amabwera Lachiwiri lililonse, amene alibe kwina kopita. Ganizo lawo linali loti timvere lamulo lero, kenako tipemphe mwaulemu kuti laputopu yatsopano ifulumire. Anatseka ndi mawu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ajambuli anati iwo adekha zaka zambiri, ndipo nkhono yomweyo sanaione, tisanene za maso ake. Anthu anaseka, ndipo Wapampando anagogoda pansi ndi ndodo kuti kukhale bata, koma nawonso ankaseka.

Amake Mapasa anati za malaputopu atsopano anazimva mapasa awo ali kumbuyo, lero mapasawo akuyenda okha ku sukulu. Anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Anafunsanso kuti ophunzira a Lachiwiri aja adzaphunzira chiyani pa makina osalankhula. Chipinda chidzatsala chotsegula, inde, koma anthu azidzangobwera kudzamvera migolo ya utoto.

Katswiri anapempha kuyankhapo. Anati iye sanabwere kudzazunza munthu, ndipo ku likulu anafunsidwa kale kuti nzeru ya khadiyi anthuwa anaitenga kuti. Anati nayenso ali ndi ana oti adye. Apa anayang'ana mlembi ngati akufuna umboni. Mlembi anali otanganidwa ndi kulemba.

Wapampando anafunsa ngati lamulo lingadikire kufikira Lachisanu litadutsa. Katswiri anati anafunsa kale zimenezo asananyamuke, ndipo anauzidwa kuti akalola nthambi imodzi, zonse zidzabwera ndi zifukwa zawo. Wapampando anafunsanso ngati amene analemba lamuloli anayamba wagwiritsapo ntchito kompyuta osaiona. Katswiri anati funso limenelo n'loposa msinkhu wake.

Pomaliza analankhula Anamwino. Sanaimirire. Anati:

"Ine ndabaya anthu jakisoni zaka zambirimbiri, dzanja silinanjenjemerepo. Lero mwana wanga amene ndinamusambitsa ndekha amandiuza kuti amayi khalani pansi, mugwetsa kapu. Pakhomo panga pomwe ndasanduka katundu woti amusunthe akafuna kusesa. Desiki ija njanga. Sindikupempha chifundo, alamu, chifundo ndakhuta nacho mpaka pakhosi. Ndikungofuna kuti chinthuchi chizindiyankha ndikachifunsa. Akalaliki, mukuti tipemphe mwaulemu. Tapempha mwaulemu chiyambire, ndipo atitumizira guluu."

Mlembi anasiya kulemba kwa kanthawi pamenepa chifukwa misozi inatseka maso, ndipo sakuchita nazo manyazi. Amene analankhulayo ndi mkulu wake, ndipo zimene ananenazo mlembi amaziona pakhomo paja sabata iliyonse. Ngati pali mawu ena anadumphidwa, anali a Akalaliki.

8. MAVOTI

Monga mwa chizolowezi chathu, mavoti anaponyedwa pogogoda tebulo, popeza kukweza mkono muno n'kusangalatsa mlembi yekha. Wapampando anafunsa ovomereza kuti mabowo amatidwe. Kunamveka kugogoda kumodzi, kwa Akalaliki, kwaulemu. Anafunsa okana. Tebulo linagwedezeka moti kapu ya madzi inagwa. Mlembi alibe voti, koma chigongono chake chinagunda tebulo mwangozi.

Wapampando analengeza kuti komiti yatemetsa nkhwangwa pamwala, mabowo samatidwa.

9. ZIMENE ZINACHITIKA MAVOTI ATATHA

Katswiri anati wamva, ndipo tsopano ayenera kuchita gawo lachiwiri la zimene walamulidwa. Anaimirira, anazula chingwe cha magetsi pakhoma, n'kuyamba kuchikulunga.

Anamwino atamva chingwe chikukwekwereza pansi, anatseka laputopu, anaiika pamiyendo, n'kuifungatira ndi manja onse awiri. Ajambuli anasuntha mpando wawo n'kukakhala pakhomo, ndodo itapingasa. Amake Mapasa anavula nsapato, pa chifukwa chimene sanafotokoze. Wapampando anapempha kuti pasakhale zokankhana, kenako nawonso anasendeza mpando wawo kufupi ndi Anamwino.

Anamwino anati, "Itengeni, alamu, ndi ya likulu. Koma muyambe mwanyamula ine, tikafikire limodzi pa desiki ya bwana wanuyo."

Katswiri anatembenukira kwa mlembi n'kunena kuti, "Amake ana, tawauzani achemwali anuwa." Mlembi anayankha kuti amake ana atsala kunyumba, muno muli a mlembi, ndipo a mlembi salankhula pa msonkhano.

Katswiri anayang'ana chingwe chili m'manja mwake. Kenako anachibwezera pakhoma. Anati iye salimbana ndi alamu ake, ndipo sanaphunzire ntchito kuti azilanda zinthu pamiyendo ya anthu. Koma anachenjeza kuti sakanama ku likulu. Akanena kuti mabowo sanamatidwe, laputopu sinabwere, ndipo komiti yakana. Zotsatira zake komiti ikuzidziwa.

Wapampando anati akanene zomwezo, asachotseko ngakhale kamodzi, ndipo ife tomwe titumiza zolembedwazi kuti asavutike n'kukumbukira. Anati pa moyo wawo wonse wa uphunzitsi sanakanepo lamulo la akuluakulu, ndipo akudabwa kuti kukana kumakoma chonchi.

10. KHADI LOKHAZIKIKA

Katswiri anati ngakhale zili choncho, sangachoke n'kusiya makina odwala, chifukwa imeneyo ndiye ingakhale ntchito yochititsa manyazi. Anapempha Anamwino kuti amulole kuchotsa vayirasi. Anamwino analola, koma laputopu sinachoke pamiyendo pawo. Katswiri anagwira ntchitoyo atagwada pansi.

Atamaliza anati ngati komiti yalimbikira kugwiritsa ntchito khadi, likhale limodzi, lofufutidwa zonse, lothamanga, ndipo lisamatulukenso m'bowomo kukalowa m'foni ya munthu aliyense. Anakumbutsa kuti khadi limenelo mwini wake alitsanzike, chifukwa lidzafera momwemo. Makhadi a m'mafoni mwathu anawakana onse. Anati ambiri ndi aulesi, amangothandiza pang'ono, ndipo eni ake adzawafunanso mawa akasowa nyimbo.

Kenako Ajambuli anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kachikwama kachikopa. Anati asanasiye kuona anali wojambula zithunzi za maukwati, ndipo matenda atakula anagulitsa kamera, malenzi, nyali, mpaka chikwama chake. Chimene sanagulitse ndi khadi la m'kameramo. Zithunzi zake mwana wawo anazikopera kale, ndiye si za zithunzi ayi. Amangoyenda nalo basi, ndipo nthawi zina amaligwiragwira ali m'basi.

Anamwino anakana. Anati iwo sangalandire chinthu chokhacho chimene munthu watsala nacho pa ntchito yake.

Ajambuli anati, "Achemwali, musandinyoze. Khadi limeneli linazolowera kuthamanga, mkwatibwi sadikira. Lakhala m'thumba muno ngati ine ndemwe, osagwira kanthu. Ngati n'kufa, life pantchito."

Katswiri analilandira ndi manja awiri. Analifufuta, analilowetsa, ndipo laputopu italiyesa inalengeza kuti n'loyenera. Amake Mapasa anati aona tsopano kuti makinawa ali ndi tsankho, koma pa khadi ili alibe mawu. Katswiri anauza Anamwino kuti masiku atsalawa azitsegula pulogalamu yotayipira ija pafupipafupi, kuti laputopu idziwe zoyenera kuika pa khadipo mayeso asanafike.

11. MFUNDO ZOMANGIDWA

Wapampando analamula kuti mfundozi azitayipe Anamwino pomwepo, laputopu iziwerenge mokweza, Katswiri akumva. Inawerenga motere, osapumira:

(a) Komiti yakana kuti mabowo a laputopu amatidwe.
(b) Kasinthasintha wa makhadi watha lero. Khadi la Ajambuli ndilo likhale m'laputopu, ndipo wolichotsa adzayankha kwa Amake Mapasa.
(c) Malipoti a ku likulu sazidzapitanso pa fulashi, Katswiri atiphunzitsa njira ina.
(d) Laputopu ikhala m'manja mwa Anamwino, kunyumba kwawo, kufikira mayeso atatha. Ophunzira a Lachiwiri akaphunzirira komweko.
(e) Likulu likafuna wolakwa, ndi komiti yonse.

Pa mfundo yomalizayi Akalaliki anaimirira, ndipo tonse tinakonzeka kumva zazitali. Anati iwo anavota mosiyana, ndipo mpaka pano akuona kuti tachita zoopsa. Koma anati komiti ikagamula yagamula, ndipo munthu sathawa anzake moto utayaka. Anapempha kuti likulu likamatchula olakwa liyambe ndi iwo, monga mwa ndondomeko, popeza Wachiwiri ndiye amateteza Wapampando. Mawu awo alembedwa onse, osafupikitsa.

12. ZINA NDI ZINA

Amake Mapasa anadandaula kuti a sitolo ya utoto ayambanso kuimika njinga pa kanjira kolowera, ndipo sabata yatha anaipunthwa. Anagwirizana kuti mlembi akalankhule nawo. Amake Mapasa anati akalephera mlembi apita okha, ndipo komiti inapempha mlembi kuti ayesetse.

Katswiri anafunsa ngati angaperekeze Anamwino pokakwera basi n'kuwanyamulira laputopu. Anamwino anati kuperekeza alola.

13. MSONKHANO WOTSATIRA

Udzachitika Loweruka pa 11 Epulo, nthawi yomweyi, kaya likulu likutidziwa ngati komiti kaya ayi. Chipinda chikadzapezeka chokhoma, tidzakumana pakhonde. Aliyense adzabwere ndi chokhalira.

14. KUTSEKA

Wapampando anatseka msonkhano 12 koloko itangodutsa. Ajambuli anapemphera, ndipo anatchulamo mkulu wa bungwe, kuti mafayilo ake apezeke ndi mtima wake womwe.

Wapampando: ______________________

Mlembi: ______________________

Chowonjezera cha mlembi: Likulu linakhoma chipinda Lolemba m'mawa, ndipo zolembedwazi zasainidwa pakhonde. Mlembi anazilemba pamanja, koma amene wazitayipa ndi Anamwino, mlembi akuwawerengera pa foni, iwo ali pa desiki yawo ku kiliniki, nthawi yopuma masana. Pa gawo 7 Anamwino anaima kaye, chifukwa kunabwera wodwala.